Wobwera kudzatichiza ayambe waphunzira kwa ife

Mvula ikatha, chisanu cha June chitayamba kutsika m'phiri, Zomba imalandira alendo amene tonse tinawazolowera. Mumawaona pamsewu wa M3 ali m'basi yahayala, onse atavala malaya ofanana, masutikesi atasanjikizana kumbuyo. Muli madokotala, anamwino, ana asukulu ya zachipatala, ndi ena amene ndi akhristu chabe a mpingo umene wasonkha ndalama za ulendowo. Amakhala sabata imodzi kapena ziwiri akuona odwala m'kalasi ya pulayimale kapena m'tchalitchi, Loweruka kukwera ku Chawe, Lamulungu kukaona njovu ku Liwonde, kenako ku Chileka, ulendo wakwawo.

Anthuwa sindidana nawo. Ambiri amabwera ndi mtima wabwino, ndipo alipo agogo amene lero akuwerenga Baibulo kapena Qur'an ndi magalasi otuluka m'masutikesi omwewo. Chimene chimandivuta n'chakuti wogwira thupi la mnzake amayenera kukonzekera, ndipo kukonzekera kwa alendowa kumachitikira ku Texas, ku Glasgow kapena ku Seoul, aphunzitsi ake ali anthu amene nawonso kuno anangodutsako. Ine ndikuti gawo lalikulu la maphunzirowo lizichitikira kuno, aphunzitsi akhale anamwino ndi ma clinical officer athu, ndipo amene akuona kuti kukhala pansi n'kuphunzira kumuchedwetsa asamagwire wodwala.

Funsani mlendo aliyense zimene anauzidwa asananyamuke. Akuuzani za katemera wa chiwewe ndi wa matenda a chiwindi, za mapiritsi oteteza malungo oti azimwa tsiku ndi tsiku, kuti asamwe madzi apampopi, asasambe m'nyanja kuopa likodzo, asayende usiku. Amayi amauzidwa kuti akafika agule chitenje. Onse amaloweza moni ndi zikomo. Zonsezi n'zabwino, koma taonani kuti pafupifupi zonse n'zoteteza mlendoyo. Wodwala wa kwa Mwambo amene adzameze mankhwalawo sakutchulidwapo.

Chizolowezichi chili ndi mbiri, ndipo mbiriyo inayambira pafupi pompano. Mu 1861 amishoni a mpingo wa Anglican a UMCA anamanga ku Magomero motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Mu January 1862 bishopuyo anatsikira kumene Ruo imathira mu Shire kuti akakumane ndi David Livingstone. Bwato linagubuduzika, mankhwala onse n'kumira, kwinini yemwe, ndipo pa 31 mwezi womwewo malungo anamutenga. Anzake angapo anamutsatira, pakati pawo dokotala wa gululo, John Dickinson, mu 1863. Ku Cape Maclear nako manda a amishoni a Livingstonia anachuluka kuposa anthu obatizidwa, mpaka anasamukira ku Bandawe mu 1881. Sukulu za matenda a kumayiko otentha, ya ku Liverpool mu 1898 ndi ya ku London mu 1899, zinatsegulidwa makamaka pofuna kuti azungu otumizidwa kunoko aleke kufa. Kwa anthu a nthawi imeneyo mantha otere anali omveka. Mlendo wa lero ali ndi inshuwalansi, ndipo akadwala ndege imamunyamula kupita ku Johannesburg. Amene moyo wake uli pachiswe tsopano ndi uja wakhala pabenchi kudikira nambala yake.

Mbiri yomweyo ikutionetsanso amishoni amene ntchito yawo inakhalitsa. Robert Laws anafika mu 1875, chaka chotsatira n'kuchita opaleshoni yogoneka munthu ndi chloroform ku Cape Maclear, ndipo anachoka mu 1927, patatha zaka 52. Ku Blantyre Mission, David Clement Scott anamva Chimang'anja mpaka kulemba dikishonale yake mu 1892. Dokotala Neil Macvicar, atafika pamishoni yomweyo mu 1896, anaona kuti manja ake awiri sangakwanire ndipo anayamba kuphunzitsa anyamata a pamishonipo ntchito ya chipatala. Wodziwika kwambiri mwa iwo ndi John Gray Kufa, yemwe atsamunda anamupha mu 1915 pankhani ya Chilembwe. Sindikuwayeretsa amishoniwa, pakuti tsankho analinalo ndipo ena anakwapula anthu. Koma chimene anasiya ndi anthu ophunzira ndi zipatala zoti lero zikadali chiimire. St Luke's ku Malosa, Pirimiti, Malamulo, Nkhoma, Ekwendeni ndi zinzake zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala zamishoni limene linayamba mu 1966 ndipo limasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Tisaiwalenso kuti m'modzi mwa amishoni a zachipatalawo anali mwana wa kuno: Daniel Malekebu anamaliza udokotala ku Meharry ku America mu 1917, n'kubwerera mu 1926 kudzatsegulanso PIM, mishoni ya Chilembwe, ku Chiradzulu.

Poyambira penipeni ndi lamulo, ndipo apa ndi pamene timachita manyazi kwambiri. Dziko lino lili ndi Medical Council of Malawi, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, komanso Nurses and Midwives Council of Malawi. Aliyense wofuna kuchiza kapena kusamalira odwala kuno amayenera kulembetsa, kaya akhala zaka khumi kaya masiku khumi. Mankhwala olowa m'dziko amawayang'anira a PMRA. Dokotala wa kuno atatsika ndege ku London n'kuyala tebulo m'tchalitchi kuyamba kugawa mapiritsi, akhoza kugona m'chitokosi tsiku lomwelo. Koma kwathu kuno gulu limatha kufika ndi kalata ya abusa kapena ya phungu yokha, a DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma, n'kudzamva nkhaniyo basi itadutsa kale pa Thondwe kubwerera.

Wina akamati zimenezi n'zamapepala chabe, akumbukire za ku Jinja ku Uganda. Kumeneko mayi wina wa ku America, wopanda maphunziro a zachipatala, anatsegula malo osamalira ana onyentchera m'dzina la utumiki wa Mulungu. Ana 105 anamwalira malowo asanatsekedwe mu 2015. Amayi awiri anakamang'ala kukhoti mu 2019, nkhaniyo n'kutha mu 2020 ndi chipepeso, mwiniwake osavomera kulakwa. Kwa zaka zonsezo anthu ankamuona atapachika choyezera pachifuwa m'khosi, ndipo kunali kovuta kwa mayi wakumudzi kufunsa mzungu kuti pepala lake lili kuti.

Nkhani ya ana asukulu ndi yosavuta kuiweruza. Chimene saloledwa kuchita kwawo asachichite kuno. Wophunzira wa chaka chachiwiri amene ku Manchester sangaloledwe kubereketsa kapena kusoka bala popanda womuyang'anira asadzayesere pa mayi wa ku Chingale, n'kukalemba pa Facebook kuti ku Africa ndiye waphunzira zambiri.

Tsopano matenda enieniwo. Munthu akhoza kukhala katswiri wa mtima wolemekezeka kwawo koma asanaonepo mwana akukomoka ndi malungo aakulu. Sadziwa kuti dziko lino linasiya chloroquine mu 1993, loyamba mu Africa kutero, kuti kuyambira mu 2007 timapereka LA, kuti wodwala kwambiri amabayidwa artesunate, ndiponso kuti tisanapereke mankhwala timayamba taboola chala n'kuyeza. Mnyamata wa ku Kachulu akamakodza magazi, medical assistant aliyense wa m'mbali mwa Chilwa amayamba waganiza za likodzo ndi praziquantel, pamene mlendo mutu wake uli kale pa khansa ndi makina ojambulira amene kulibe. Bambo wotsokomola mwezi wathunthu, thupi likutha, amafunika kuyezedwa makhololo ndi magazi. Mukamupatsa maantibayotiki ena amphamvu ochokera m'sutikesi, chifuwacho chimazizira pang'ono, TB n'kubisala, iye n'kupitiriza kupatsira a m'nyumba mwake. Choopsa koposa ndi mwana wonyentchera, wotupa mapazi. Diso losazolowera limaona mwana wouma wofunika diripi yothamanga, pamene namwino wa kuwodi ya ana amadziwa kuti mtima wa mwana wotero ndi wofooka, madzi ochuluka akhoza kumupha, ndipo amayamba ndi mkaka wa F-75 pang'onopang'ono, chiponde pambuyo. Zonsezi zinalembedwa mu Malawi Standard Treatment Guidelines. Ndi angati mwa alendo athu amene analitsegulapo bukuli asanatsegule sutikesi?

Pali maganizo obisika akuti kuno kulibe chophunzitsa. Amene amatero sadziwa kuti chisamaliro cha kangaru, chija chogoneka khanda lobadwa masiku asanakwane pachifuwa cha mayi ake, chinayamba m'dziko muno pa Zomba Central mu 1999, ndipo anamwino a kuno aphunzitsa anzawo ambiri. Njira ya ETAT yosankhula msanga ana odwalitsitsa pamzere inakhwimira pa Queen Elizabeth ku Blantyre, WHO n'kuifalitsa kumayiko ena. Mu 2011 Malawi inayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi HIV, mayiko ena n'kutengera. Muyeso wa kukomoka kwa mwana wotchedwa Blantyre Coma Score, umene madokotala a ana amagwiritsa ntchito kulikonse kumene kuli malungo, anaukonza Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor. Inde, awiriwa ndi ochokera kunja, koma ndi anthu amene anathera zaka zambirimbiri pawodi ya ana limodzi ndi anamwino athu, osati masiku khumi.

Ndinaona ndi maso anga, pachipatala china chaching'ono, mayi wachikulire akumasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki. Munali mapiritsi atatu ofiirira, otsala mwa amene analandira kwa alendo mwezi wapitawo. Pakathumbapo panali chithunzi cha dzuwa ndi mzere umodzi, kusonyeza kuti amwe limodzi m'mawa, koma dzina la mankhwala panalibe. M'kabuku kawo ka kuchipatala simunalembedwe kanthu. Medical assistant anawatembenuza mapiritsiwo pachikhatho, kuwayang'anitsitsa pawindo, kenako anayeza BP n'kupeza kuti ndi yokwera ndithu. Anafotokoza kuti awayambitsa mankhwala amene ali kufamase. Mayiwo anapukusa mutu.

"Ayi adokotala, ine ndimafuna omwewa, a azungu aja. Anuwa sagwira."

"Amayi, omwewa sindikuwadziwa dzina. Ndikakupatsani mongoganizira ndikhoza kukupwetekani."

Anachoka osakhutira, mankhwala aboma ali m'manja monyinyirika. BP ndi shuga si matenda a mwezi umodzi. Kuyambitsa munthu mankhwala amene akatha sadzawapezanso, osalemba m'kabuku, n'kumusiya pamalo oipa kuposa pamene munamupeza, chifukwa tsopano wataya ndi chikhulupiriro chomwe mwa munthu yekhayo amene adzakhalepo mu February madzi atadula msewu. Bala limeneli silioneka pazithunzi zimene gululo likaonetse kumpingo kwawo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malangizo alipo kalekale. WHO inatulutsa ndondomeko ya mankhwala ampatso mu 1996. Imati mankhwala akhale amene wolandira wapempha, akhale pamndandanda wovomerezeka m'dzikolo, alembedwe m'chilankhulo chimene ogwira ntchito akumva, ndipo pofika akhale atatsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu. Makatoni a mankhwala olembedwa Chijeremani kapena Chikoreya, otsala ndi miyezi iwiri, ndi mtolo umene wafamase ayenera kuusunga, kuuwerengera ndi kufuna njira youwonongera. N'chimodzimodzi makina. Magetsi a ku America ndi a 120V pamene athu ndi a 230V, ndipo a ESCOM amapita ndi kubwera mwakufuna kwawo. Aliyense amene analowapo m'sitolo ya chipatala anaona makina onyezimira atafundidwa nsalu, osowa kachitsulo kamodzi kamene sikagulitsidwa mu Africa yense. Asanagule, bwenzi atafunsa amisiri okonza zida zachipatala kuti chofunika n'chiyani. Yankho nthawi zambiri silikhala lopatsa chidwi: magolovesi, ulusi wosokera, mabatire a makina oyezera BP, zosefera za makina a mpweya.

Nanga kumvana? Gulu likafika, womasulira amakhala aliyense wolankhula Chingerezi, kawirikawiri mnyamata wa Fomu 4 wa m'kwaya. Tsono taganizani mayi wa msinkhu wa azakhali ake, amene vuto lake ndi la kumalo obisika, atakhala pamaso pa mwana amene anamuona akukwawa. Anena kuti mutu ukupweteka ndi thupi likuphwanya, alandira panado, abwerera ndi nthenda yake. Kwa Malemia ndi kwa Kuntumanji agogo ambiri akadwala amamasuka m'Chiyao, kwina m'Chilomwe. Ndiponso ife tinaleredwa kuti wamkulu kapena mlendo akalankhula umavomera. Dokotala akafunsa ngati mwamva, mumati mwamva. Akafunsa ngati mwavomera opaleshoni, mumagwedeza mutu, chala n'kudinda. Namwino wa kuno amadziwa kuti kuvomera koteroko sikunathe, amabwereza funsolo mwanjira ina, amauza wodwalayo kuti afotokoze yekha zimene wamva. Amadziwanso kuti mayi akati ayambe wafunsa bambo akunyumba kapena amalume, mwini mbumba, sikuti ndi umbuli: akadzatupa bala, anthu omwewo ndi amene adzafune njinga ndi ndalama ya kabaza. Mlendo wosauzidwa amaona ngati magadiyani odzaza pakhonde akusokoneza ntchito, osadziwa kuti ndi iwo amene amaphika phala, kusambitsa wodwala, ndi kuthamangira namwino usiku diripi ikatha.

Za magazi ziyenera kunenedwa mosabisa. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, oyandikana nafe, anthu angapo anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwo. Mlendo wofika m'mudzi ndi majakisoni ndi timabotolo, osadzera kwa mfumu, wopanda mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo pambali pake, akuika pamoto moyo wake ndi wa dalaivala wake, komanso ntchito ya katemera ya chaka chamawa. Ndipo akakhala kuti zimene akulemba akufuna kukazisindikiza ngati kafukufuku, adziwe kuti kuno kuli makomiti ovomereza kafukufuku, NHSRC ndi COMREC, ndipo sadumphidwa.

Chikhulupiriro nacho. Zomba ndi boma la matchalitchi ndi mizikiti. Kupempherera wodwala amene wapempha palibe angakuletseni, zipatala zamishoni zakhala zikutero kwa zaka zoposa zana. Koma kuika ulaliki pakhomo lolowera kufamase, kuti wofuna mankhwala ayambe wadutsa kwa mlangizi wauzimu, n'kugwiritsa ntchito ululu wa munthu ngati nyambo. Pa St Luke's Asilamu a ku Malosa ndi ku Machinga amagonekedwa ndi kuchira, n'kubwerera kwawo ali Asilamu. Mlendo aphunzire zimenezo, aphunzirenso kufunsa wodwala shuga mmene adzamwere mankhwala m'mwezi wa Ramadan. Koposa zonse asayerekeze kunena mawu amene munthu wa ma ARV angawamve ngati akuti wachira. Manda a anthu amene anataya mabotolo atapemphereredwa tili nawo okwanira.

Pamwambo wolandira alendowa mfumu kapena abusa salephera kunena kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Amaiwala kuti makolo omwewo anatinso mlendo ndi mame. Opaleshoni imachitika Lachinayi, gulu limanyamuka Loweruka, bala limayamba kutulutsa mafinya Lachitatu. Wochotsa ulusi ndani? Magazi akafunika, achokera kuti? Bedi limene wagonapo wa opaleshoni ya alendo lachotsedwapo yani? Sindikuti maulendo afupiafupi onse ndi achabe. Kuchotsa ng'ala kumabwezera munthu maso m'tsiku limodzi, ndipo magulu ngati Operation Smile asoka milomo ya ana ambiri amene akanakula akubisala. Ntchito zotere zimayenda chifukwa nthendayo imatha ndi opaleshoni imodzi, odwala amasankhidwa ndi a kuno alendo asanafike, mufiyeta mumakhala Mmalawi akugwira nawo, ndipo pali dzina la munthu wodzaona mabala pambuyo pake. Pakasowa zimenezi, mpeni usatuluke m'chikwama.

Ndikudziwa chimene ena anene. Dziko losowa madokotala ngati lathuli, limene sukulu yake yoyamba ya udokotala inatsegulidwa mu 1991, lingaikire bwanji malamulo munthu wodzipereka ulere? Mukawavutitsa apita ku Zambia. Yankho langa ndi lakuti amene angathawe chifukwa chopemphedwa kulembetsa ndi kuphunzira masiku angapo ndi amene sitikuwafuna kumene. Madokotala okhwima, amene anagwirapo ntchito m'zipatala zosowa, ndi amene amayamba kufunsa okha kuti ndondomeko yanu ili kuti. Ndipo kusowa kwathu ndi chifukwa chokhwimitsira, osati chofewetsera. Kumene kuli ICU ndi maloya, cholakwa chimakonzedwa kapena kulipidwa. Kumene kulibe, cholakwa chimaikidwa m'manda, abale n'kumati chinali chifuniro cha Mulungu. Palinso funso la ndalama limene mipingo yotumizayo iyenera kudzifunsa moona mtima: matikiti a ndege a anthu khumi ndi asanu, malo ogona ndi ulendo wa ku Liwonde, ndalama imeneyo ikanalipirira ana angati pa St Luke's kapena pa Malawi College of Health Sciences kuti akhale anamwino a zaka makumi atatu?

Nafenso tili ndi mbali yathu. Alendo akafika ndi alawansi, wodi imatsala ndi namwino mmodzi, enawo ali kotanthauzira. Andale amakonda misasa ya chithandizo chaulere chisankho chikayandikira. Mankhwala ena ampatso amathera m'magolosale. Timalola munthu kujambula mwana wathu ali maliseche pabedi, nthiti zili pamtunda, chithunzi chimene kwawo sangayerekeze kujambula mwana wa mnansi wake. Ndipo pamsonkhano wotsanzikana, mlendo akafunsa ngati zonse zayenda bwino, timaombera m'manja ngakhale tikudziwa kuti mlungu wamawa tikhala tikukolopa. Ulemu wotere ukupweteka odwala. Sisitala wa pawodi ayenera kupatsidwa mphamvu, ndi akuluakulu ake kumuikira kumbuyo, zoti athe kuuza profesa wa kunja kuti pano sititero.

Zitsanzo zabwino sitikazifuna kutali. Kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pa Zomba Central mu 2004 mothandizana ndi bungwe la ku Canada la Dignitas International, chaka chomwe boma linayamba kupereka ma ARV aulere. Inamangidwa m'kati mwa chipatala chaboma, motsatira ndondomeko za boma, ndipo ntchitoyo inafalikira m'zipatala zing'onozing'ono m'manja mwa Amalawi. Madokotala a matenda a maganizo ochokera ku Scotland akhala akubwera kudzaphunzitsa ana athu a udokotala amene amadzaphunzira pa Zomba Mental Hospital, ndipo phindu la ulendo wawo limatsala m'mitu ya amene akhale kuno. Kusiyana kwake kunaonekera poyera mu January 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja. Ntchito zimene zinali m'manja mwa antchito aboma ndi a CHAM zinatsimphina koma zinayenda. Zimene zinkadalira galimoto ndi malipiro a pulojekiti zinaima.

Zomba ili ndi zonse zofunika kuti ikhale sukulu ya alendo otere. Pali chipatala chachikulu, chipatala cha matenda a maganizo, zipatala zamishoni, sukulu za anamwino, Centre for Language Studies ya University of Malawi yoti iphunzitse Chichewa ndi Chiyao cha pawodi, Zomba Theological University yoti ikambirane nawo za malire a ulaliki, ndi malo ogona ku Chilema. Masiku oyamba mlendo azingotsatira clinical officer, manja ali kumbuyo. Agone usiku umodzi kuwodi ya amayi aone mmene namwino mmodzi amagawira maso ake magetsi atazima. Ayende tsiku limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo panjinga. Akhale kufamase aone zimene zilipo ndi zimene zatha. Aphunzire kulemba m'kabuku ka wodwala. Sukulu ya matenda a kumayiko otentha ya ku London ija inachititsapo kale maphunziro a matenda a kuno ku Tanzania ndi ku Uganda, anthu n'kumalipira ndalama zambiri. Athunso azilipira, ndalamayo izipita kwa aphunzitsiwo ndi kuchipatala, popeza nthawi ya namwino wophunzitsa mlendo yachotsedwa kwa wodwala. Wobwera kwa masiku khumi okha atenge gawo lina pa intaneti asananyamuke, wophunzitsa ali ku Zomba.

Maphunziro omwewa akufunikanso kwa ife eni. Dokotala wokulira ku Namiwawa kapena ku Area 47, wopita ndi achinyamata a mpingo wake kukathandiza pachilumba cha Chisi, nayenso ndi mlendo. Sadziwa mmene asodzi a m'zimbowera amakhalira milungu osaponda kumtunda, madzi akumwa ndi chimbudzi zili nyanja yomweyo. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, ndiponso namondwe wa Freddy mu March 2023, zinatitumiza ambiri kumadera amene tinkangowamva dzina, ndipo amene anathandiza kwenikweni ndi amene anafika n'kufunsa a m'deralo kuti tiyambire pati.

Palibe gulu limabwera losaitanidwa. Kalata yoitanira imalembedwa kuno, ndi sinodi, dayosizi, abusa, shehe, phungu kapena mkulu wa chipatala. Olemba makalatawo akhoza kuyamba lero, osadikira lamulo latsopano, pofunsa nambala yolembetsera ya aliyense amene adzagwire wodwala, mndandanda wa mankhwala miyezi itatu ulendo usanachitike, dzina la Mmalawi amene adzayang'anire ntchitoyo, ndi dzina la amene adzaone odwalawo gulu litapita. Kope la kalatayo lipite kwa a DHO ndi kwa mfumu ya deralo. Gulu limene layankha zonsezi lilandiridwe ndi manja awiri. Limene lakhumudwa ndi mafunsowo liuzidwe mwaulemu kuti padenga la sukulu pakufunika malata, ndipo ntchito imeneyo sifuna chilolezo cha Medical Council.